Mwana akukana kugona, m'mawa akudzuka tambala asanalire

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wachitsikana wa ku Ndirande. Akuti mwana wake wa zaka ziwiri ndi miyezi itatu sagona mpaka 10 koloko usiku. Akamuika pabedi amalira, amatsika, amapempha madzi, kenako foni. Pofika 4 koloko m'mawa wadzuka kale, akukoka bulangete. Apongozi ake akuti kamkwapulo kamodzi kathetsa zonsezi, pomwe mnzake wa pampopi wamuuza kuti azimupatsa theka la Piriton. Akufunsa kuti atsate ziti.

Mdzukulu wanga, ndiyambe ndi mankhwalawo, chifukwa ndiwo andidetsa nkhawa. Piriton ndi mankhwala a ziwengo. Ndi zoona kuti amagonetsa, koma ana ena aang'ono amawabalalitsa m'malo mowagonetsa, ndipo mlingo wa mwana amayeza ndi achipatala, osati mnzako wa pampopi. Usamupatse. Za kamkwapulo, apongozi uwayankhe mwaulemu kuti, "Ndamva amayi, ndiyambe ndayesa kaye njira ina." Mwana womenyedwa amagona ndithu, koma chifukwa chotopa ndi kulira, ndipo mawa akaona bedi amayambiratu kuthawa. Usiyenso zomuopseza zija zoti fisi ali panja, kapena kuti uitana adokotala amubaye jakisoni. Ukumuphunzitsa kuopa mdima womwe ukufuna kuti agonemo, ndipo tsiku la kusikelo udzavutika naye wekha.

Tsopano ndikufunse: 8 koloko usiku pakhomo panu pamakhala potani? Sunalembe, koma ndikutha kuona. TV ikulira pabalaza, nsima ili pamoto, bambo a mwana angolowa kumene, amunyamula, amuponya m'mwamba, amugirigisha mpaka kuseka kwake kumveka kwa aneba. Ndiye iwe umutenge nthawi yomweyo kukamuika kuchipinda? Kuli ngati kuchotsa munthu paukwati gule atangoyamba kukoma. Mwanayo si wamwano ayi, akungokana kutsala yekha pomwe nyumba yonse ili maso.

Ife kale kumudzi sikuti tinali ndi nzeru zoposa zanu, koma mdima unkatithandiza. Dzuwa likalowa cha m'ma 6, tinkadya, nthano ziwiri pamoto, kamwana n'kugonera pamiyendo pa amake. Achipatala amati kukada thupi limatulutsa timadzi totchedwa melatonin tomwe timabweretsa tulo, ndipo kuwala kwa magetsi, TV ndi foni kumachedwetsa zimenezi. Choncho tulo ta mwana wako timaonongeka asanafike n'komwe pabedi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza mu 2019 kuti mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri azigona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, kuphatikiza tulo ta masana, ndipo wa zaka zitatu kapena zinayi maola 10 mpaka 13. Wako usiku akugona maola 6 okha. Otsalawo akubweza liti? Kafunse amene amatsala naye ukapita kuntchito. Kawirikawiri upeza kuti amamusiya agone kuyambira 2 koloko mpaka dzuwa kupendeka, poti mwana akagona ntchito za pakhomo zimayenda. Sindikumuimba mlandu, tonse tidachitapo zofuna mpata wochapa. Koma tulo ta masana tikhale atangodya nkhomaliro, ola limodzi kapena awiri, pofika 3 koloko akhale atadzuka n'kukasewera panja ndi anzake. Usatithetseretu tulo timeneti poganiza kuti akatopa kwambiri agona msanga. Mwana wotopa mopitirira amalusa, amathamangathamanga, ndipo ndi yemweyo amadzuka usiku kusanache.

Pali mwambo wina umene ndikufuna muupepuze, woti chakudya chamadzulo chidikire bambo. Akulu dikiranani, koma mwana adye 6 koloko, ngakhale kaphala kapena kansima kake kapadera. Tiyi wamadzulo ndi zakumwa zotsekemera ayi. Akadya asambe, atsuke mano, TV izime, foni ibisike, mulowe naye mu neti, kanthano kamodzi kapena kanyimbo, kenako mawu omwewo tsiku lililonse: "Kwada, tigone." Ana a msinkhu umenewu amakonda zinthu zobwerezabwereza, akadziwa chotsatira mtima umakhala pansi. Bambo ake akafika mwana asanagone, asiye zomuponya m'mwambazo, iwowo ndiwo akamuimbire. Uwauze kuti ndanena ndine agogo.

Usalumphe kuchoka pa 10 koloko kufika pa 7 tsiku limodzi. Uzibweza nthawiyo ndi mphindi 15 pakapita masiku awiri kapena atatu. Akatsika pabedi, munyamule, mubwezeretse, osakalipa, osachita naye zokambirana. Madzi amwe kamodzi. Masiku oyamba adzalira kuposa kale pofuna kuona ngati ugonje, ndipo ukangotulutsa foni tsiku lachitatu wamuphunzitsa kuti kulira kwambiri kumalipira. Sindikunena kuti umutsekere chipinda chake yekha. Ambirife timagona ndi ana athu chipinda chimodzi, ndipo palibe cholakwika. Khala naye pambali, dzanja pamsana, koma osacheza naye.

Za kudzuka m'mawa, tisiyanitse. Mu Okutobala ndi Novembala kuno dzuwa limatuluka cha m'ma 5, atambala alira kale, aminibasi ayamba kuitana anthu. Mwana amene wagona 7 koloko n'kudzuka 5:30 alibe vuto, iweyo ndiwe uyenera kugona msanga. Koma 4 koloko ndi usiku ndithu. Usayatse getsi, usamupatse chakudya kapena foni, ungomunong'oneza kuti, "Sikunache," n'kumufunditsa. Pawindo pachika chitenje chochindikala. Uonenso ngati thewera lanyowa, ngati bulangete lagwa m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, kapena ngati neti yang'ambika udzudzu n'kumalowa.

Nthawi zina si khalidwe koma matenda. Thupi likatentha, pita naye kuchipatala tsiku lomwelo akamuyeze malungo. Akamakanda kumatako usiku, zikhoza kukhala tinjoka ta m'mimba, ndipo mankhwala ake alipo. Akamagwira khutu n'kumalira akagona chammbali, kapena akamaliza mkonono kwambiri n'kumabanika m'tulo, ukawafotokozere achipatala momwe ukuonera, utatenga buku lake lakusikelo.