Pa funso la msonkhano wa anthu a geocaching: kaimeni kaye pamalopo

Mayi, ndawerenga funso lanu, ndipo ngati ndamva bwino, mukufuna kuitana anzathu a geocaching, masewera ofunafuna timabokosi tobisika (ma cache) pogwiritsa ntchito GPS, kuti mucheze nawo kwa nthawi yoyamba, mukuyembekezera anthu pafupifupi 30, ndipo mwafunsa za malo, za nthawi, za masewera osangalatsira alendo komanso za mtundu wa GPS woti mugule. Ine ndiyankha za malo ndi za dongosolo la tsikulo, chifukwa pamenepo ndi pamene ndinagwa nayo, ndipo sindikufuna kuti inunso zikuonekereni.

Musanalonjeze munthu tsiku, dziwani kuti pa Geocaching.com msonkhano umalembedwa ngati cache yapadera yotchedwa Event Cache, ndipo umayenera kutumizidwa kwa wowunika kutatsala masiku osachepera 14. Owunikawa ndi anthu ongodzipereka amene ali ndi ntchito zawo, ndipo akapeza cholakwika amakubwezerani tsambalo kuti mukonze, choncho ndi bwino kulitumiza kutatsala mwezi wathunthu. Msonkhanowo uyenera kutenga mphindi zosachepera 30, ukhale ndi nthawi yoyambira ndi yothera, uchitikire pa makoodineti (manambala a GPS osonyeza malo) amene mwalemba, ndipo tsamba lake lisakhale lotsatsa malonda a munthu. Aliyense ndi wololedwa kubwera, kotero simungasankhe alendo ngati mmene mungachitire pa phwando la kunyumba kwanu.

Tsopano ndikambe za makoodinetiwo. Msonkhano wanga woyamba ndinaukonza pa paki ina yaikulu imene ndinali nditapitako kamodzi kokha. Ndinatsegula mapu pa kompyuta, ndinaona denga la kanyumba kopumulirako, ndinadina pamenepo n'kukopera manambala, ndipo ndinalemba kuti malowo ndi a nyenyezi imodzi, zomwe m'masewera athu zimatanthauza kuti ngakhale munthu wa pa njinga ya olumala angathe kufika. Chimene mapu sanandionetse ndi chakuti pakiyo inali ndi zipata ziwiri, chimodzi chotsekedwa ndi loko kumapeto kwa sabata, komanso kuti pakati pa chipata chotsegukacho ndi kanyumbako panali kamtsinje kowolokera pa masitepe a miyala. Anthu a geocaching amakhulupirira muvi wa pa GPS kuposa china chilichonse, ndipo muviwo umaloza molunjika osalabadira mpanda kapena madzi. Oposa theka la alendo anga anatsogoleredwa ku chipata chotseka. Ine ndinali chiimire pambali pa tebulo, kabuku kosainamo kali chitsegukire, bolopeni ili pamwamba pake, foni ikulira mosalekeza, ndipo patatha mphindi 40 m'kabukumo munali mayina asanu ndi anayi okha.

Chimene chimandipwetekabe mumtima ndi bambo wina wachikulire amene anabwera ndi akazi awo atakhulupirira nyenyezi imodzi ija. Anafika pa masitepewo ndi ndodo yawo, anayang'ana pansi, anayang'ana kutsidya kumene tinali, kenako anandikwezera dzanja mwaulemu n'kubwerera ku galimoto. Sanandidandaulire m'pang'ono pomwe, koma sanabwerenso pa msonkhano wanga wina uliwonse. Cholakwacho chinali changa ndekha, ndipo ndikanachipewa ndikanangopita kukayenda njirayo ndi miyendo yanga.

Choncho pitani pamalopo tsiku lomwelo la sabata ndiponso ola lomwelo limene mukufuna kuchita msonkhanowo. Malo amene amakhala zii Lachitatu m'mawa akhoza kukhala odzaza ndi magulu ena ndi zokuzira mawu Loweruka masana, ndipo anthu amene abwera kudzacheza sangasangalale ngati akukuwa kuti amvane. Imani pamene padzakhale tebulo, dikirani mphindi zingapo kuti chida chanu chikhazikike, werengani makoodineti kangapo mukuchoka ndi kubwereranso, kenako mutenge amene akugwirizana. Pabwalo poyera GPS imaphonya ndi mamita atatu kapena asanu, koma pansi pa mitengo yowirira kapena pafupi ndi nyumba zazitali imaphonya kwambiri. Polemba manambalawo samalani zedi, chifukwa m'kalembedwe kamene timagwiritsa ntchito nambala yomaliza imaimira pafupifupi mamita awiri, pamene yachitatu kuchokera kumapeto imaimira mamita oposa 180, ndiye mukangosinthanitsa manambala awiri mwatumiza anthu kutsidya la msewu. Onjezerani makoodineti ena a poimika galimoto ndi a chipata choyenera, ndipo mulembenso m'mawu wamba chimene munthu adzaone akafika. Funsaninso eni malowo ngati pakufunika chilolezo cha gulu, muone ngati zimbudzi zimakhala zotsegula, ndipo mudziwiretu kumene anthu angathawire mvula ikayamba.

Ena pano akulangizani kuti mubise ma cache atsopano 20 kuti tsikulo likome. Ndikuwalemekeza, koma sindikugwirizana nawo, ndipo ndikukayika ngati anaonapo zimene zimachitika ma cache otere akangotulutsidwa pa intaneti. Mafoni amalira nthawi imodzi, aliyense amathamanga kuti akakhale woyamba kupeza, ndipo pa tebulo pamatsala inu ndi alendo atsopano amene sakudziwa munthu aliyense, omwe ndi anthu amene amafunika macheza kwambiri. Malamulo enieniwo amanena kuti msonkhano usakonzedwe ndi cholinga chongofunafuna ma cache. Kuonjezera apo, cache iliyonse iyenera kutalikirana ndi inzake ndi mamita osachepera 161, imafuna chilolezo cha mwini malo, ndipo mudzayenera kumaisamalira kwa nthawi yaitali msonkhanowo utaiwalika kale. Ngati mtima wanu ukufunadi kubisa, bisani ziwiri kapena zitatu zabwino, ndipo mupemphe wowunika kuti azitulutse nthawi yothera msonkhano ikakwana, kuti anthu anyamuke limodzi atacheza kale mokwanira.

Kunena zoona, anthu athu safuna masewera ambiri. Ambiri amadziwana ndi mayina a pa intaneti okha, amene akhala akuwawerenga m'timabuku tonyowa ta m'ma cache kwa zaka zambiri, ndipo chisangalalo chachikulu ndi kuona nkhope ya munthu amene anabisa kabokosi kamene kanawasowetsa mtendere kwa miyezi itatu. Konzani timapepala tomata pachifuwa kuti aliyense alembe dzina limene amagwiritsa ntchito m'masewerawa, ndipo inu muime pakhomo n'kumalonjera aliyense, makamaka amene wafika yekha. Munthu watsopano mumutengere kwa mmodzi wa akale amene ali woleza mtima. Maola awiri ndi okwanira, chifukwa amene akufuna kupitiriza adzapitiriza okha, pomwe msonkhano wa tsiku lonse umachititsa kuti anthu azifika nthawi zosiyana osakumana. Kabuku kosainamo mukhale nako, pakuti n'kosangalatsa kukasunga, koma simungakanize munthu kulemba kuti analipo chifukwa chakuti sanasaine.

Tebulo la tizinthu toyendayenda, ma Travel Bug ndi ma geocoin, ndi pamene pamabuka madandaulo ambiri. Kalikonse kali ndi mwini wake amene akukatsata pa intaneti, ena ali kumayiko akutali, ndipo pa msonkhano n'kosavuta kuti mwana kapena mlendo watsopano akatenge poganiza kuti ndi mphatso. Sankhani munthu mmodzi woti akhale pa tebulolo ndi pepala lolembapo amene wasiya ndi amene watenga. Siyanitsani tizinthu toti anthu angokaona ndi toti tipitirire ulendo, ndipo mukumbutse anthu kuti asaike pa Facebook zithunzi zoonetsa manambala achinsinsi a tizinthuto, chifukwa anthu amene sanatikhudze n'komwe amayamba kulemba kuti atiwona.

Pa nkhani ya ndalama, musadzisenzetse katundu wolemera. Msonkhano wa anthu 30 pabwalo sufuna zambiri kuposa kabuku, mabolopeni angapo, timapepala tomata ndi matumba otayamo zinyalala. Mukasankha malo odyera, kambiranani ndi eni ake pasadakhale ndipo aliyense adzilipirire yekha, koma pasakhale munthu wokakamizidwa kugula kanthu kuti awerengedwe kuti wabwera. Chiwerengero cha amene alemba "Will attend" (ndidzabwera) pa tsamba la msonkhanowo musachidalire kotheratu, popeza dzina limodzi nthawi zina ndi banja la anthu asanu, ndipo ena amalemba koma osabwera, choncho apempheni kuti atchule kuti adzakhala angati. Zinthu zikasintha, monga chipata kapena nyengo, gwiritsani ntchito Announcement pa tsamba la msonkhanowo, imene imatumiza uthenga kwa onse amene analemba kuti abwera. Ine ndinaidziwa mochedwa, pamene ikanapulumutsa ambiri ku chipata chotseka chija.

Pa za tsiku, onani kaye ngati palibe msonkhano wina wapafupi pa nthawi yomweyo, chifukwa wowunika akhoza kukana wanu akaona kuti ndi anthu omwewo amene akuitanidwa kawiri. Loweruka lachitatu la mwezi wa Ogasiti ndi International Geocaching Day ndipo anthu ambiri amatuluka, koma kwa munthu woyamba ndingakonde kuti musankhe tsiku wamba, gulu likhale lochepa loti mungathe kulonjera aliyense. Ukadzayenda bwino woyambawu, wachiwiri mudzaganizire za CITO, msonkhano wotola zinyalala umene umatenga ola limodzi kapena kupitirira, chifukwa oyang'anira mapaki akaona anthu athu akutuluka ndi matumba odzaza, amamasuka kutipatsa chilolezo chobisa ma cache pamalo awo.