Bandulo ya pa shopu ikutha msanga: tembenuzani rauta muone pansi pake

Mayi wina wa pa Chitakale ku Mulanje walemba kuti: "Ndili ndi shopu ya fotokope ndi kutayipa. Ndinagula rauta yoikamo simu khadi kuti ndizitumizira makasitomala zikalata pa imelo. Bandulo ya mwezi ikutha sabata ziwiri zisanakwane. Mnyamata amene anandilumikizira anangotchula SSID, IP ndi WPA2, basi n'kumapita. Akundibera kapena ndi makinawa?"

Mayi, zikhoza kukhala zonse ziwiri, ndipo mungathe kufufuza nokha osalipira munthu.

SSID ndi dzina chabe la Wi-Fi yanu, lija limaoneka pa foni munthu akamasaka netiweki. Nkhani yagona pa mapasiwedi, chifukwa rauta imakhala nawo awiri. Yoyamba ndi ija mumapatsa munthu kuti alowe pa Wi-Fi. Yachiwiri ndi yolowera m'kati mwa rauta, momwe mumasinthira zinthu. Tembenuzani rautayo. Pansi pake mupeza kapepala komata, ndipo marauta ambiri amalemba mapasiwedi onsewa pamenepo, limodzi ndi manambala onga 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1. Manambala amenewa ndiwo IP, keyala ya rauta. Mukawalemba pa Chrome, pamalo polemba dzina la webusaiti, tsamba la rauta limatseguka. Marauta ambiri amachoka ku fakitale pasiwedi yachiwiri ija ili yakuti admin, yomwe achinyamata okonda mafoni amaidziwa bwino. Ndipo ngati rauta imakhala pa kauntala, kasitomala wodikira fotokope angathe kujambula kapepalako ndi foni inu mutawerama kuika mapepala m'makina.

Mukalowa, pezani mndandanda wa zipangizo zimene zalumikizidwa, muziwerenge chimodzichimodzi. Ngati muli ndi kompyuta, pulinta ndi foni koma mukuona zisanu ndi zitatu, ndiye kuti pasiwedi imene munapatsa munthu mmodzi mwachifundo yafika kale ku saluni yoyandikana nanu ndi kwa akabaza oima panja. Sinthani mapasiwedi onse awiri lero lomwe. Ya Wi-Fi imafuna zilembo zosachepera 8, koma ine ndimati muike 12, ndipo isakhale nambala ya foni yanu yolembedwa pakhoma la shopu. Pa chitetezo sankhani WPA2, womwe ndi mtundu wa loko wa Wi-Fi, kapena WPA3 ngati ilipo. WEP ndi loko wakale wothyoka mosavuta. WPS, njira yolumikizira chipangizo osalemba pasiwedi ya Wi-Fi, nayonso muizimitse.

Tsopano makina. Liwiro la intaneti limayezedwa mu Mbps (ma megabit pa sekondi), pomwe bandulo imagulidwa mu MB ndi GB, ndipo ma megabit 8 ndiwo amapanga MB imodzi. Pa liwiro la 10 Mbps, kompyuta ikamakoka ndi mphamvu zake zonse imadya MB 75 pa mphindi, kutanthauza GB 4.5 pa ola limodzi. Windows imakonda kudzikokera zokonza zake mwakachetechete inu mukutayipa kalata ya munthu. Pitani pa Settings, pa Wi-Fi yanu, muyatse metered connection kuti ichepetse khalidweli. Apa ndi pamene ndimaona eni mashopu ambiri akutayira ndalama, uku akukayikira anansi osalakwa.

Makasitomala ofuna Wi-Fi musawakanize, koma muwagulitse. Marauta ambiri ali ndi guest network, Wi-Fi yachiwiri ya alendo yokhala ndi pasiwedi yakeyake, imene siwafikitsa ku kompyuta yanu yosunga zikalata za anthu. Pasiwedi ya alendoyi muziisintha m'mawa uliwonse, ndipo mtengo wake mulembe pakhoma pafupi ndi wa fotokope.

Tsamba lomwelo la rauta kawirikawiri limaonetsa data imene mwagwiritsa ntchito. Potseka shopu madzulo muzilemba nambalayo m'kope lomwe mumalembamo zogulitsa, kenako n'kuzimitsa rauta. Pakatha sabata, mundilemberenso mundiuze masiku amene nambala inalumpha kwambiri ndi ntchito imene munagwira masiku amenewo.