Mwana wanga akuitana agogo ake kuti "iwe"

Mayi wina wa ku Luchenza wandilembera kalata pa imelo. Mwana wake wamwamuna wa zaka 6 amalandira zinthu ndi dzanja limodzi, agogo ake amawaitana "iwe", ndipo apongozi akuti apite naye ku Chonde akaone chikhalidwe. Kodi zithandiza?

Mayi, ku Chonde pitani naye ndithu. Mwambo wa Mulhako wa Alhomwe umachitikira kumeneko m'mwezi wa Okutobala, ndipo akaonerera tchopa, gule amene bungwe la UNESCO linamuika m'kaundula wake mu 2014. Koma pobwerako "iwe" uja adzakhala akadali pakamwa, chifukwa mwana amatola mawu kwa amene akugona nawo nyumba imodzi. Ngati bambo ake mumawaitana "iwe" iye akumva, mphunzitsi wake ndinu.

Ndipo mkwapulo ausiye aliyense amene akuuganizira. Mwana wokwapulidwa amagwada inu mukalipo, mukangotuluka wadzuka. Waphunzira kukuopani, ulemu kwa agogo sanauphunzire.

Chimene chikundiwawa n'chakuti nthawi ya madzulo tinaigulitsa. Kholo lalawirira kukathyola tiyi ku esiteti, labwera lili lefu, mwana n'kumupatsa foni kuti atonthole. Pamene agogo amati "Padangotero", ana n'kuyankha "Tili tonse", mwana amaphunzira kumvetsera ndi kudikira mpata wake wolankhula. Ena akuti zonsezi akazipeza kuchinamwali. Kumeneko amafika atakula kale, ndipo malangizo ena, monga a kusasa fumbi, ndi oyenera kuwakana poyera.

Tsiku limene agogo akuphika kalongonda, nyemba zimene Alhomwe amazikonda, mwanayo musiyeni pamenepo. Kalongonda amawira maola ambiri, madzi ake n'kumatayidwa, apo ayi amaledzeretsa. Mwanayo azitola nkhuni, azimva Chilomwe ndi mayina a abale. Malume ake nawonso auzeni, poti kuno mwini mbumba ndi iwo.

Zochita sabata ino

Pa zinthu izi gwirani chimodzi chokha, mukachulutsa asokonezeka. Pomupatsa mbale, musaisiye mpaka manja onse awiri afike, osakalipa. Pa chakudya azizungulitsa madzi osamba m'manja kuyambira kwa wamkulu. Akati "iwe", bwerezani chiganizo chomwecho ndi "inu", iye anenenso. Akakhoza muyamikireni agogo akumva, koma akalakwa pali alendo mukamuuzire kuseri.