Gemu yowombera mazombi ija: ana azisewera kapena ayi?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique. Ndaifupikitsa, ndipo dzina ndabisa monga anapempha. Akuti:

"Akulu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ananditumizira makina osewerera magemu a Wii akaunjika pamodzi ndi madisiki angapo. Ndinawaika m'kachipinda kuseri kwa golosale yanga, ndipo anyamata amalipira pang'ono n'kumasewera. Imene akuilimbirana ndi The House of the Dead: Overkill, moti ndalama ya magetsi a Credelec ikuchokera pomwepo. Koma magazi ake ndi osasimbika, ndipo mnzanga amene anaphunzira ku Malawi akuti anthu a m'gemumo amatukwana koopsa. Mayi anga akuti ndikuphunzitsa ana kupha, ndipo akangomva kulira kwa mfuti amachoka pakhonde. Kodi ndiitaye, kapena ndi mantha chabe a achikulire?"

Achimwene, disikiyo musaitaye, koma ana muwachotsepo. Ndipo za mayi musazitche mantha chabe.

Gemu imeneyi inatulutsidwa ndi Sega m'chaka cha 2009, ndipo anaikonza ndi a Headstrong Games a ku London. Kholo lake ndi The House of the Dead ya 1996, ya pa makina oponyamo ndalama aja, okhala ndi mfuti yapulasitiki yomangidwa ndi chingwe. Khalidwe la makinawo silinasinthe. Wosewera sasankha kopita. Kamera imamutenga yokha, iye ntchito yake ndi kuloza, kuwombera mazombi (mitembo yoyenda) ndi kudzaza zipolopolo. N'chifukwa chake ikukupezerani ndalama. Munthu amene sanagwirepo Wii amaidziwa pakangopita mphindi imodzi, awiri amasewera limodzi, ndipo oonerera kumbuyo amakuwa ngati akusewera ndi iwo. Ine ndimaikonda, ndipo pa ntchito imene anaipangira anaipanga bwino.

Mnzanu uja sananame. Buku la Guinness World Records linailemba kuti ndiyo gemu yotukwana kuposa ina iliyonse pa nthawiyo, chifukwa liwu limodzi lokha, lachingerezi loyamba ndi F lija, limatchulidwa ka 189. Ambiri mwa matukwanowo amatuluka pakamwa pa wapolisi Isaac Washington, mnzake wa Agent G. Opanga gemuyo anachita dala. Ankatsanzira mafilimu otchipa a ku America a m'ma 1970, n'chifukwa chake chithunzi chimaoneka chokalikakalika ngati filimu yakale, ndipo pena chimadumpha. Munthu wamkulu womva Chingerezi amazindikira msanga kuti zonsezi ndi nthabwala, kuti wapolisiyo akusekedwa chifukwa cha pakamwa pake.

Tsono taganizirani mwana wa zaka 10 wa ku Ulónguè. Kunyumba amalankhula Chichewa, kusukulu Chipwitikizi. Nthabwalayo saimva n'komwe. Chimene akumva ndi liwu limodzi lomabwerabwera nthawi iliyonse imene ngwazi yapambana, ndipo anzake onse akuseka. Amalitola liwulo ngati la anthu amphamvu. Tsiku lina adzalitulutsa pamaso pa aphunzitsi a Chingerezi, kapena pamsika wa pamalire a Calómuè kwa mayi wa ku Dedza amene akulidziwa bwino tanthauzo lake, ndipo akadzafunsidwa kumene analiphunzira adzaloza golosale yanu. Kwa ine, kutukwanaku ndi kumene kungaononge mwana mwachangu kuposa magazi aja. Ndiye pali nkhani yeniyeniyo ya m'gemumo. Ngati simunafike kumapeto, sewerani nokha usiku mufike. Kuli zochitika pakati pa mkulu wa ndende ndi mayi ake omubereka zimene sindingazilembe pano, ndipo mukaziona simudzafunanso malangizo anga.

Pa funso loti gemu yotere imaphunzitsa kupha, ndinene zoona ngakhale sizigwirizana kwenikweni ndi mawu a mayi. Akatswiri a zamaganizo akhala akukangana pa nkhaniyi kwa zaka zambiri. Mu 2020 bungwe la American Psychological Association linanena kuti palibe umboni wokwanira woti magemu achiwawa amachititsa munthu kuchita zachiwawa zenizeni, koma linavomereza kuti pali kugwirizana pang'ono ndi ukali waung'ono, monga kukalipa ndi kukankhana. Choncho mnyamata wowombera mazombi Loweruka sasanduka chigawenga Lolemba. Koma opanga magemuwo eni ake sanena kuti ndi ya ana. Ku Ulaya anaiika pa zaka 18 m'ndondomeko ya PEGI, ku America anaipatsa chilembo M, kutanthauza zaka 17 kupita m'tsogolo. Zizindikiro za ku America zimenezi zinayamba mu 1994, aphungu a kumeneko atakambirana za magazi a mu Mortal Kombat chaka cha 1993. Yang'anani pakona pa bokosi la disiki iliyonse imene akulu anu anatumiza. Nambala ili pamenepo ikuthandizani kusiyanitsa.

Tsopano za mayi. Mwalemba kuti akamva mfuti amachoka pakhonde, ndipo chiganizo chimenechi ndi chimene chandikhudza kuposa zonse. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique inatha ndi pangano losainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga anaiona ndi maso. Ambirimbiri anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo panali nthawi imene Malawi inasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Munthu amene anagonapo m'tchire atabereka mwana kumbuyo, akumvetsera kuti kuwomba kukuchokera mbali iti, thupi lake silifunsa ngati phokosolo likuchokera pa sipika. Mtima umangogunda. Anyamata obadwa mtendere utabwera amamva phokoso la gemu, mayi amamva zina, ndipo akaona ana akuseka mutu wa munthu ukuphulika pa TV, ali ndi chifukwa chonyansidwira. Musawayankhe ndi za akatswiri a ku America ndatchulazi. Sindinazilembe kuti mukapambanire mkangano kunyumba. Akhazikeni pansi, muwauze kuti mwamva, ndipo aone kuti mwasintha zinthu. Ngati sipika yayang'ana kukhonde, itembenuzeni. Tsitsani voliyumu kufikira poti munthu woima panja asamve kuwomba. Mwina si iwo okha. Pamzere wanuwo pali achikulire ena amene amangodutsa osanena kanthu.

Mmene ndingachitire ine ndi monga mumachitira ndi mowa m'golosale: ulipo, akuluakulu amagula, koma mwana sapatsidwa ngakhale atabwera ndi ndalama m'manja. Masana disiki ya Overkill izikhala mu dirowa. Ituluke madzulo ana atapita kwawo, chitseko chotseka, ndipo wolowa akhale munthu amene mukudziwa kuti wakwana zaka 18. M'dera mwanu mumadziwana, simufunika kuona chiphaso cha aliyense. Chovuta ndi oonerera. Ana amene alibe ndalama ndi amene amadzaza pawindo, ndipo amamva matukwano onse osalipira ngakhale metical imodzi. Ikani katani.

Ndikudziwa kuti mukuopa ndalama kuchepa. Sabata yoyamba adzadandaula, ena adzanyanyala. Koma onani masamu ake. Nkhani yaikulu ya Overkill imaseweredwa ndi anthu awiri pa nthawi imodzi, pamene Mario Kart Wii imalola anayi, ndipo mpikisano umodzi umatha m'mphindi zochepa. Mukakhala ndi marimoti anayi, masana mungatolere zambiri kuposa kale. Wii Sports nayo ana amaikonda, makamaka nkhonya ndi tenisi, ndipo atsikana amene ankaopa kulowa m'chipinda cha magazi adzayamba kubwera. Amene akufunabe zoloza ndi kuwombera, mu Rayman Raving Rabbids muli zigawo zoseweredwa chimodzimodzi, kamera ikuyenda yokha, koma adani ake ndi akalulu opusa ndipo mulibe magazi. Pa nthawi ya sukulu mwana wovala yunifolomu asalowe, gemu ikhale iliyonse. Makolo a anawa ndi omwewo amagula sopo ndi shuga kutsogolo, ndipo akakwiya sabwera kudzakangana nanu, amangosamukira pa golosale ina.

Kwa akuluakulu a madzulowo, pali zochepa zimene zingakometse masewero. Wii imadziwa kumene mwaloza pogwiritsa ntchito kandodo kaja koikidwa pamwamba kapena pansi pa TV, kamene kamatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso. Dzuwa lolowera pawindo, kandulo kapena babu lowala lokhala pafupi ndi TV zimasokoneza rimoti, ndipo kachizindikiro kolozera kamayamba kunjenjemera. Ambiri amaganiza kuti rimoti yafa pamene vuto ndi kuwala. Wosewera aime mita imodzi mpaka atatu kuchokera pa TV. Gulaninso mabatire otchaja, chifukwa wamba adzakudyerani phindu.

M'gemumo, kuwombera mwachisawawa n'kutaya mapointi. Mukapha adani motsatizana osaphonya, mapointi amachulukirachulukira, koma chipolopolo chimodzi chikangopita padera mumayambiranso. Lozani kumutu, dzazani zipolopolo panjira pakakhala bata osati adani atafika kale pamphuno, ndipo samalani anthu amoyo amene amathamanga akuthamangitsidwa, poti kuwapulumutsa kuli ndi mphotho. Ndalama zimene mumapeza pakutha pa gawo lililonse ndi zogulira ndi kukonzera mfuti. Mfuti ya shotgun imafewetsa kwambiri gemuyi, moti ngati anthu anu akufuna mpikisano weniweni, agwirizane kuti onse agwiritse ntchito mfuti yaing'ono yoyamba ija, ndipo mapointi muziwalemba pabolodi.