Bandi yatsopano ya rock: tipite ku Mzuni kapena tidikire?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Chinamwali, kuno ku Zomba. Akuti iye ndi anzake atatu ayambitsa bandi ya rock, magitala awiri, besi ndi ng'oma, ndipo atha miyezi isanu akuyeserera m'galaja ya amalume ake. Funso lake nali: ayambe ulendo woimba m'mayunivesite, kuchokera ku Chanco mpaka ku Mzuni, kapena adikire kaye atchuke?

Achimwene, musadikire. Palibe amene adzakudziweni muli m'galajamo. Chimene ndikukana ndi Mzuzu basi, pakadali pano.

Zopita kwa ophunzirazi mwaganiza bwino, ndipo njirayi ena anadutsamo kale. Brian May anapeza Roger Taylor mu 1968 pomata kapepala kofuna woimba ng'oma pa bolodi ya ku Imperial College ku London, ndipo awiriwa ndi omwe pambuyo pake anadzakhala mu bandi yotchuka ya Queen. Bandi ya R.E.M. inayambira m'tauni ya yunivesite ya Athens ku Georgia, m'dziko la America, mu 1980, nkukwezedwa ndi mawailesi a ophunzira. Chifukwa chake nchosavuta. Ophunzira amakhala malo amodzi, amadyera limodzi, ndipo nkhani imayenda msanga. Mukaimba bwino Lachisanu usiku, pofika Loweruka masana Chikanda yense, komwe kumakhala ophunzira ambiri a pa Chanco, wamva.

Koma dziwani kuti makutu a kuno anazolowera reggae, amapiano, Afrobeats ndi nyimbo zauzimu. Gitala yolira mokalipa ena ayamba aiseka. Zisakufooketseni. Anansi athu a ku Zambia anali ndi rock yawoyawo m'zaka za m'ma 1970, ija amati Zamrock, ya magulu ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi. Anthu anaikonda chifukwa inkanunkhira kwawo. Inunso ikanimo Chichewa, ikanimo kamayendedwe ka manganje kapena beni, zomwe munthu wa ku Zomba amazimva m'chiuno asanazimve m'mutu.

Tsono za ulendowo. Mzuzu ili pa mtunda wa makilomita opitirira 500, ndipo katundu wa bandi sayenda ulere. Ine ndinanyamulapo zida za anzanga ena zaka zapitazo. Kondakitala wa minibasi anayang'ana ng'oma yaikulu ija, nkuiyeza ndi manja, nkunena kuti ilipira mipando iwiri. Tinakangana mpaka pa Namadzi, koma tinalipira ndithu. Ndalama yomwe tinapeza pakhomo usiku umenewo inathera pa ulendo wobwerera.

Chikhala kuti ndine inu, ndikanayambira pafupi. Muli ndi mwayi womwe anzanu a m'maboma ena alibe. Chanco muli nayo pakhomo. Domasi College of Education ili panjira ya ku Liwonde. Catholic University ili ku Nguludi, MUBAS ili ku Blantyre, makilomita pafupifupi 70 kuchokera kuno, ndipo MUST ili ku Thyolo. Konseku mukhoza kupita m'mawa nkubwerako mawa lake. Zungulirani malo amenewa kawiri. Ulendo wachiwiriwo ndi umene udzakuuzeni zoona: kodi alipo amene akuimba nanu kolasi ya nyimbo yanu? Akapezeka ngakhale khumi, ndiye muyambe kuganiza za Bunda ndi Mzuni.

Great Hall ya pa Chanco muisiye kaye. Ndikudziwa kuti woimba aliyense wa ku Zomba amailota, koma holo yaikulu yokhala ndi anthu 40 imaziziritsa nkhongono. Anthu 40 omwewo m'kachipinda kakang'ono, atapanikizana, thukuta lili kamukamu, amamveka ngati chigulu.

Lowerani kudzera ku bungwe la ophunzira, kwa amene amaona za zisangalalo. Pemphani kuti muimbe koyambirira pa shoo ya woimba wodziwika kale, mphindi 30 zakwana. Gwirizanani polemba: ndani abweretsa zokuzira mawu, ndani alipira galimoto, jenereta ilipo kapena ayi, nanga za chilolezo cha COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, ndani aziona. Onaninso kalendala yawo. Nthawi ya mayeso musayerekeze, ndipo shoo imayenda bwino ophunzira akangolandira kumene ndalama za upkeep.

Za jenereta ndanenazi ndili ndi chifukwa. Pa koleji ina magetsi anatithimira pakati pa nyimbo yachitatu. Magitala onse anangoti zii. Woimba ng'oma wathu sanaleke, anapitiriza mumdimamo, ophunzira nkuyatsa matochi a mafoni, nkuyamba kuwomba m'manja motsatira iye kufikira anyamata atadzutsa jenereta yobwereka. Choncho poyeserera m'galajamo, konzaniko nyimbo imodzi yoti mukhoza kuimba ndi ng'oma ndi mawu okha.

Tsiku la shoo yanu yoyamba likadziwika, mundilembere. Ndibwera msanga, ndidzakuthandizeni kutsitsa masipika.