Kwa achemwali opita ku East Lansing mu Januwale

Achemwali, mwafunsa za viza, za tikiti ya ndege, zoti munyamule, komanso koti mukafikire pa miyezi itatu imene mukakhale ku Michigan State University, ku America. Za viza ndi tikiti ena ayankha kale. Ine ndinenepo za moyo wa m'tauniyo, poti ndinakhalako ndipo kuzizira kwake ndinakulawa.

Musakwere ndege musanawerenge bwinobwino pepala la inshulansi ya zachipatala. Opita pa viza ya J-1, ya alendo okaphunzira kapena kukachita kafukufuku, lamulo limawakakamiza kukhala nayo, koma ambiri amangogula yotchipa kuti akwaniritse lamulo basi. Mnzathu wina anaterereka pa madzi oundana pakhomo penipeni pa nyumba, n'kugwera dzanja. Munthu wodutsa, mwa chifundo chake, anaimba 911, nambala ya zangozi, ambulansi n'kubwera. Kuchipatala anamujambula, anamumanga bandeji, anamuuza kuti fupa silinathyoke, tsiku lomwelo anabwerera kunyumba. Patapita milungu ingapo makalata anayamba kufika: ina ya ambulansi, ina ya chipatala, ina ya dokotala amene anangoyang'ana chithunzi chija. Zonse pamodzi zinapitirira $2,000, inshulansi n'kungolipirako pang'ono. Ndalama imene ankasunga kuti akagulire malata a nyumba yake inathera pamenepo, ndipo mpaka lero nkhaniyi imandiwawa. Ndiye funsani kuti ndalama imene mumayamba mwalipira nokha inshulansi isanalowererepo, imene amati deductible, ndi zingati, ndiponso ngati ambulansi ilimo. Ofesi yoona za alendo pa yunivesitepo, OISS, imathandiza pa zimenezi. Mukadwala chimfine kapena mukabinya phazi, pitani ku timakiliniki totchedwa urgent care, n'kotchipirako kwambiri. Koma zikakhala zoika moyo pachiswe, imbani 911 osaganizira ndalama.

Achimwene amene akuti jekete ya pa kaunjika ikukwanirani, ndikhulupirira anapitako mu Julayi. Januwale wa ku Michigan si Juni wa ku Dedza. Kumazizira kufika -10°C, masiku ena kupitirira apo, dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko m'mawa, ikamakwana hafu pasiti 5 madzulo kwayamba kale kuda. Jekete ya kaunjikayo itengeni yongotsikira nayo ndege, yeniyeni mukagule konko. Ku Goodwill, sitolo ya kaunjika ya kumeneko, mumapeza yokhuthala bwino pa mtengo wotsika. Koma chofunika kuposa jekete ndi nsapato zokhala ndi mano kunsi kwake, magolovesi, ndi chipewa chophimba makutu. Muzivala mophatikiza zovala zovulika msanga, chifukwa m'nyumba, m'basi ndi m'kalasi mumakhala motentha, mumachita thukuta. Vaseline asakusoweni, milomo ndi zala zimang'ambika.

Pa za nyumba, musakopeke ndi mtengo wokha. Tauniyi anaimangira anthu a magalimoto, kulibe minibasi yoimitsa paliponse, kulibe kabaza. Funani chipinda chapafupi ndi Grand River Avenue, msewu umene umalekanitsa yunivesite ndi tauni, chifukwa ndi mmene mumadutsa basi nambala 1 ya CATA, bungwe loyendetsa mabasi a m'tauni, yochokera m'katikati mwa Lansing kukafika ku Meridian Mall. Nthawi imene ndinaliko inali cha m'ma $1.25 ulendo umodzi. Nyumba yotchipa koma yakutali ndi basi idzakulizani poyenda pansi mu chipale chofewa mutanyamula majumbo. Chipinda chimayambira mwina $600 kukwera m'mwamba pa mwezi. Ndipo chonde musatumize dipoziti kwa munthu wongokumana naye pa Facebook. Pemphani wina wa ku dipatimenti imene yakuitanani akaione kaye nyumbayo ndi maso.

Mukatera ku Detroit musatenge takisi kapena Uber mpaka ku East Lansing, ndi kutaya ndalama. Pali basi ya Michigan Flyer yochokera pabwalo la ndege pomwepo, imayenda pafupifupi maola awiri, mtengo wake cha m'ma $30. Gulanitu tikiti pa intaneti.

Zakudya zochokera kuno, kaya ndi ufa, usipa kapena kambuzi wouma, nenani zonse kwa a kasitomu pofika, iwo ndiwo aone chololedwa. Nyama, zipatso zosaphika ndi mbewu musanyamule n'komwe. Chimene amalipitsira chindapusa ndi kubisa. Ufa woyera wa chimanga umapezeka ku sitolo yaikulu ya Meijer ndi m'timasitolo ta zakudya za ku Africa ku Lansing, nsima mudzadya ndithu. Musausokoneze ndi ufa wa Maseca wa anthu a ku Mexico, uja amauphika kaye ndi laimu ndipo nsima yake imanunkhira mwina. Mtengo wolembedwa pa katundu si umene mulipire, pa kauntala amaonjezera msonkho wa 6 peresenti, kupatula pa zakudya zokaphika kunyumba. M'lesitilanti yokhala pansi muzisiyira wokutumikirani 15 mpaka 20 peresenti, malipiro ake amadalira pamenepo. Mnzanu akati tiyeni tikadye, dziwani kuti aliyense adzilipirira yekha. Mabotolo ndi zitini za zakumwa zoziziritsa kukhosi musataye, mukabweza ku sitolo amakupatsani masenti 10 chimodzi.

Chenjezo lina lalikulu ndi chamba. Mudzaona masitolo ogulitsa poyera chifukwa anthu a ku Michigan anavota kuchivomereza mu 2018, koma lamulo la dziko lonse la America limachiletsabe, ndipo viza yanu ili pansi pa lamulo limenelo. Ngakhale timaswiti take musalawe. Fodya wamba naye ndi woletsedwa pa yunivesite ponse, panja pomwe.

Anthu ake ndi aulemu koma moni wawo ndi wa chiyendere, musadandaule kuti sanaime n'kufunsa za kunyumba. Msonkhano wa 10 koloko umayamba 10 koloko. Osangotulukira pakhomo pa munthu musanamuuze, ndipo mwana wa munthu wosamudziwa osamunyamula kapena kumugwira tsaya, makolo amachita mantha. Pulofesa wamkulu akakuuzani kuti muzimutchula dzina lake loyamba, akunenetsa. Tsiku la basketball ku Breslin Center, bwalo la masewero la yunivesite, tauni yonse imavala zobiriwira ndi zoyera, ndiye pewani kuphatikiza buluu ndi chikasu, ndi mitundu ya opikisana nawo, University of Michigan ya ku Ann Arbor. Powoloka msewu yambani kuyang'ana kumanzere, magalimoto amayenda kudzanja lamanja.

Adaputa mugule musananyamuke, mapulagi athu a mano atatu salowa kumeneko. Magetsi awo ndi 120V, choncho foni ndi laputopu zidzatchaja bwino, koma ayironi ndi ketulo zisiyeni kunyumba.