Kwa achemwali opita kukaphunzitsa Chingerezi ku Germany: ma euro 22 amenewo si anu onse

Achemwali, mwati sukulu ina ya zinenero ku Berlin yakulonjezani ma euro 22 pa phunziro lililonse, koma sikulembani ntchito, muzidzagwira ngati woima panokha. Mukufunsa kuti msonkho udzadya zingati komanso ngati zotsalazo n'zokwanira kukhalira. Ine ndaphunzitsa mwanjira yomweyi ku Germany kwa zaka zingapo. Amene akuyankhani kuti "bola ma euro, zinazo mukaonera konko" sanalandirepo kalata imene ndinalandira ine.

Msonkho si umene udzakulizeni. Chimene chimaliza aphunzitsi kumeneko ndi penshoni. Lamulo la ku Germany limati mphunzitsi woima payekha, yemwe alibe wantchito, ayenera kulipira penshoni ya boma ku Deutsche Rentenversicherung, 18.6 peresenti ya phindu lake, ndipo ayenera kukadzilembetsa yekha isanathe miyezi itatu chiyambire ntchito. Munthu wolembedwa ntchito amagawana ndalama imeneyi pakati ndi bwana wake. Inu bwana mulibe, yonseyo izichoka m'thumba mwanu. Anthu ambiri oima paokha, monga okonza mapulogalamu a kompyuta, lamuloli siliwakhudza chimodzimodzi, n'chifukwa chake anzanu a ntchito zina adzakuuzani ndi mtima wonse kuti penshoni n'njosakakamiza. Kwa mphunzitsi n'njokakamiza.

Sukulu imene ndinayambirako inandiuza kuti ndingotenga nambala ya msonkho basi, zina zonse zilibe ntchito. Ndinawakhulupirira chifukwa anali atagwira ntchito ndi aphunzitsi ochokera kunja kwa zaka zambiri. Patatha zaka ziwiri kunabwera kalata yondiuza kuti ndili ndi ngongole ya penshoni kuyambira mwezi umene ndinayamba kuphunzitsa, pafupifupi ma euro 6,500. Ndinaiwerenga katatu ndili chiimire. Nditabwerera kusukuluko anangoti zimenezo n'zanu, ife si mabwana anu. Ndinabweza pang'onopang'ono kwa chaka choposa chimodzi, ndikuphunzitsa mpaka Loweruka. Dziwani kuti angathe kubwerera m'mbuyo zaka zinayi, ndipo wochedwa kulipira amamuwonjezera chindapusa cha 1 peresenti mwezi uliwonse. Choncho mukangofika kalembetseni, ndipo mupemphe kuti muzilipira molingana ndi phindu lanu lenileni. Amene sakakamizidwa ndi okhawo amene phindu lawo ndi lochepa kwambiri, cha m'ma euro 550 kapena 600 pamwezi, ndipo ndalama zimenezo simungakhalire.

Chachiwiri ndi inshuwalansi ya zaumoyo, yomwenso n'njokakamiza. Mukakhala mu ya boma imatenga pafupifupi 20 peresenti ya phindu lanu, ndipo ngakhale mwezi umene simunapeze kanthu pali ndalama yochepetsetsa yoti mulipire, yoposa ma euro 200. Ambiri ochokera kunja kwa EU saloledwa kulowa ya boma poyamba, amatenga ya kampani. Musanagule yotchipa ija ya apaulendo, funsani kaye ngati ofesi yoona za olowa m'dziko idzaivomereze.

Tsopano tiwerengere limodzi. Phunziro limodzi kumeneko nthawi zambiri limakhala mphindi 45. Tinene kuti mwapeza maphunziro 25 pa sabata, omwe ndi ochuluka ndithu mukaganizira kukonzekera ndi kuyenda pa sitima kuchoka ku kampani ina kupita ku ina. Ndi ma euro 550 pa sabata. Koma chaka cha mphunzitsi wotere sichikwana masabata 52. Kumapeto kwa Disembala makalasi amaima, m'chilimwe ophunzira amapita kutchuthi, ndipo tsiku limene mwadwala palibe amakulipirani. Mukawerenga masabata 43 mupeza pafupifupi ma euro 23,600 pachaka. Chotsanipo matikiti, mabuku ndi intaneti, phindu likhala cha m'ma 22,000, kapena kuti 1,800 ndi pang'ono pamwezi. Penshoni itenga cha m'ma 340, inshuwalansi cha m'ma 370. Mwatsala ndi 1,100, ndipo chipinda chimodzi m'nyumba yokhala ndi anthu ena ku Berlin chimafika ma euro 600 kapena 700. Mukhala, inde, koma movutikira, ndipo zosunga sipakhala.

Msonkho weniweniwo pa ndalama zimenezi ndi wochepa. Mu 2025 ma euro 12,096 oyambirira sankadulidwa msonkho, pamwamba pake umayamba pa 14 peresenti n'kumakwera, ndipo zimene mwalipira ku penshoni ndi inshuwalansi zimachotsedwa asanawerengere. Mumalembetsa ku ofesi ya msonkho (Finanzamt) kudzera pa ELSTER, tsamba lawo la pa intaneti, n'kulandira nambala ya msonkho (Steuernummer) yoti muzilemba pa invoisi iliyonse. Ngati mulibe wokuwerengerani msonkho, mafomu a msonkho a chaka chatha ayenera kufika pofika pa 31 Julayi. Chongosamala n'chakuti chaka choyamba mwina sangakufunseni kanthu, kenako chaka chachiwiri n'kufuna za chaka chathacho pamodzi ndi zolipiriratu pa 10 Malichi, 10 Juni, 10 Seputembala ndi 10 Disembala. Za VAT ya 19 peresenti musade nazo nkhawa panopa. Ngati zolowa zanu za chaka chatha sizinapose ma euro 25,000, mungasankhe Kleinunternehmerregelung, lamulo la amalonda ang'onoang'ono, n'kusaika VAT pa invoisi.

Chimene chikundidetsa nkhawa pa nkhani yanu n'chakuti mwatchula sukulu imodzi yokha. Akamakupangirani ndandanda, kukupatsani mabuku, kukuuzani chipinda ndi kukuitanani kumisonkhano, boma lingathe kuona kuti ndinu wantchito amene angomutcha woima payekha pothawa ndalama. Amati Scheinselbstständigkeit. Chichokereni chigamulo cha khoti lalikulu loona za chisamaliro cha anthu mu 2022, pa mlandu wa mphunzitsi wa nyimbo ku Herrenberg, sukulu zambiri zikuchita mantha, ndipo zina zimangochepetsa maola a mphunzitsi mosamuchenjeza. Ngakhale pa viza ya woima payekha, nthawi zambiri amafuna kuona makalata a makasitomala awiri kapena kuposerapo. Ndipo vizayo, kupatula nzika za mayiko ochepa monga America, Canada, Britain, Australia ndi Japan, imapemphedwa ku ofesi ya kazembe musananyamuke. Musalowe ngati mlendo poganiza kuti mukasinthira konko.

Musanasaine, werengani zimene kontirakiti ikunena wophunzira akalephera kubwera. Pamafunika palembedwe kuti akapanda kudziwitsa kutatsala maola 24, phunzirolo lilipidwa lonse. Onaninso masiku amene amatenga kuti alipire invoisi, chifukwa ena amadikira masiku 30 mwezi utatha kale, lendi ikukudikirani. Ndalama zabwino zili kwa makampani amene mwawapeza nokha popanda sukulu pakati, komwe ma euro 40 kapena 50 pa mphindi 45 zomwezo si zachilendo, makamaka ngati mumatha Chingerezi cha zamalonda. Sukuluyo itengeni ngati poyambira, koma pemphani 25 kapena 26 mutawauza kuti mukudziwa za penshoni.

Tsegulani akaunti yachiwiri ya kubanki, yosungira za penshoni, inshuwalansi ndi msonkho, tsiku lomwe mwatsegula yoyamba. Invoisi iliyonse ikalipidwa, 40 peresenti ipite kumeneko tsiku lomwelo, ndipo khadi lake mulisiye kunyumba. Malisiti onse, ngakhale a tikiti ya sitima, muziwajambula pafoni, chifukwa inki yake imafufutika pakangopita miyezi yochepa.